Tikiti Yochepa Kuposa Njere ya Mawere

M'kabati ya malume anga kuno ku Salima muli kachitini kakale ka masiwiti kamene mwana aliyense wa pabanja pathu amadziwa kuti sakhudza. Tili ana tinkaganiza kuti muli ndalama, koma tsiku limene malume anakatsegula pamaso panga ndinapezamo mabatani awiri a yunifomu, wezulo yachitsulo yochita dzimbiri, ndi kachikatoni kolimba kotalika ngati chala cha mwana, kamene m'mphepete mwake munada chifukwa chogwiridwagwiridwa. Kachikatoniko ndi tikiti ya sitima ya pamtunda, ya kalasi yachitatu, yochokera ku Salima kupita ku Limbe, ndipo ili ndi nambala yake, mtengo wake, komanso deti lodindidwa chakumapeto. Malume anagulitsa matikiti pa siteshoni ya kuno kwa zaka zoposa 20, ndipo iyi anaigula ndi ndalama za m'thumba mwawo tsiku limene ankapuma pantchito, podziwa kuti sadzakwera nayo sitima. Lero njanji ikadalipo ndipo sitima za katundu zimadutsa apo ndi apo, koma munthu wa ku Salima sangalawirire m'mawa kukagula tikiti, chifukwa sitima ya anthu inaleka kufika kuno zaka zambiri zapitazo.

Loweruka lililonse, dzuwa likapendeka, timakumana anthu anayi pakhonde la malumewo. Pali malume eni ake. Pali mnzawo wakalekale amene anali gadi wa sitima, yemwe mpaka lero tauni yonse imangowatchula kuti a Gadi. Pali mnyamata wina wowotcherera zitsulo ku Kamuzu Road, wa manja aluso koma wosakonda kulankhula. Ndiye palinso ine, mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya m'boma lino. Poyamba chimene chinkatisonkhanitsa chinali bawo. Tsopano bawolo lili pansi pa bedi, ndipo m'malo mwake muli chitseko chakale chogonekedwa pa mipando iwiri, pamene takhala tikumangapo siteshoni ya Salima yaing'ono, ndi njanji zake, mabogi ake ndi milambe yake, kwa zaka ziwiri tsopano.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake akuluakulu awiri a imvi angathe masana onse akukangana za malo a zenera limodzi, ayenera kudziwa kuti tauni ino inaleredwa ndi njanji. Njanji yoyamba m'dziko muno inachokera kumunsi kwa Shire, ku Port Herald kumene lero timati ku Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Panapita zaka 27 isanafike kuno. M'chaka cha 1935 ntchito ziwiri zinatha pamodzi: mlatho waukulu wa pa Zambezi pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, umene unathetsa vuto lotsitsa katundu n'kumuwolotsa pamadzi popita ku Beira, ndi njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka kudzathera pano. Atsamunda ankafuna kuti ikafike kunyanja ku Domira Bay, koma inaima pa Salima, ndipo doko la Chipoka ndilo linakhala pokumanira sitima ya pamtunda ndi ya panyanja. Kwa zaka zoposa 40 Salima anali mathero a njanji. Fodya ndi mtedza wa kumtunda zinkatsika mapiri pa malole kudzakwezedwa kuno, thonje la m'chigwa chino linkakwerera pomwepa, ndipo munthu wa chigawo chapakati wopita ku Limbe, ku Beira, kapena wopitirira mpaka ku Salisbury, kumene lero timati ku Harare, kukafuna ntchito, ulendo wake weniweni unkayambira pa zenera la matikiti. Kenaka njanji inakwera mapiri mothandizidwa ndi dziko la Canada, n'kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndipo Salima anasanduka siteshoni yongodutsapo. A Gadi amati ulemerero wa tauni ino unayamba kuzilala tsiku limene sitima yoyamba inalowera ku Kanengo. Malume amakana, iwo amati unatha ndi nkhondo ya ku Mozambique imene inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo tala ndi maminibasi zinangodzamalizitsa. Ine ndimaona kuti onse awiri ali ndi mfundo, koma ndimangokhala chete, poti mkangano umenewu ukatha sindikudziwa chimene chingawadzutse Loweruka.

Nkhani imene malume satopa nayo ndi ya mmene matikiti ankagulitsidwira. Kuseri kwa zenera kunali kabati ya timipata tambirimbiri, kampata kalikonse ka siteshoni yake ndi kalasi yake, ndipo matikiti ankasanjikizidwa m'menemo motsatira manambala, ya nambala yaing'ono ili pansi. Munthu akati "Balaka, yachitatu," kalaliki ankasolola ya pansi, n'kuikankhira m'kamakina kachitsulo kodindira deti, kamene kankalira kamodzi ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Pofotokoza zimenezi dzanja la malume limachitabe ntchitoyo m'mwamba, chala chachikulu chikusolola, dzanja likukankha, ngakhale kuti kamakinako anakasiya kalekale. Madzulo kalaliki ankawerenga nambala ya tikiti yotsala pansi m'kampata kalikonse, n'kuchotsapo nambala imene anayambira m'mawa, n'kuchulukitsa ndi mtengo. Yankho linkayenera kufanana ndi ndalama za m'bokosi, ndipo tambala iliyonse yoperewera inkadulidwa kumalipiro ake. Monga mphunzitsi wa masamu, njira imeneyi inandikopa moti ndinafufuza kumene inachokera. Anaiyambitsa ndi Thomas Edmondson, kalipentala wa makabati amene bizinesi yake itagwa anakalembedwa ntchito yoyang'anira siteshoni yaing'ono kumpoto kwa England, pa njanji ya pakati pa Newcastle ndi Carlisle, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830. Nthawi imeneyo matikiti ankalembedwa pamanja imodziimodzi, ndipo iye anaona kuti kusindikiziratu timakatoni ta manambala kungafulumizitse mzere komanso kutseka mpata wakuba. Tikiti yake inali ya mamilimita pafupifupi 57 m'litali ndi 31 m'lifupi, ndipo njanji za boma la Britain zinaigwiritsa ntchito mpaka 1990. Nditawauza malume zimenezi, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye chifukwa chake kabati ija sinkagwedera. Mwini nzeruzo anali mmisiri wa matabwa."

Chimene ine ndimasirira pa kachikatoni kameneka ndi chakuti mtengo unali wosindikizidwa pamenepo, poti aliyense auone. Amene timakwera maminibasi a pakati pa Salima ndi Lilongwe tikudziwa kuti mtengo umasintha mafuta akasowa, mvula ikagwa, dzuwa likalowa, ndipo nthawi zina kondakitala amayamba wayang'ana nsapato zako asanautchule. Tsiku lina ndinalipira ulendo wonse, koma titafika pakati panjira anatigulitsa ku minibasi ina, ndipo kumeneko anandiuza kuti ndiwonjezere. Ndinalibe pepala lililonse loti ndionetse, moti ndinalipira kawiri uku ndikung'ung'udza ngati anzanga onse. Tikiti ya sitima inali pangano lolembedwa: wapereka zakuti, ukufika pakuti, ndipo mfumu ndi wa ganyu akakhala m'kalasi imodzi amalipira chimodzimodzi. Komabe malume salola kuti ndiikometse nkhaniyi kupitirira muyezo. Amandikumbutsa kuti mabenchi a kalasi yachitatu anali a matabwa, kuti anthu a kumidzi yakutali ankafika dzulo lake n'kugona pa siteshoni udzudzu ukuwadya, kuti ulendo wa ku Limbe unkadya tsiku lathunthu, ndiponso kuti m'nthawi ya atsamunda makalasi aja ankasiyanitsa khungu kuposa mmene ankasiyanitsira matumba. A Gadi amawonjezera kuti panganolo ambiri ankalizemba, ndipo amadziwa malo onse amene munthu wopanda tikiti ankabisala, kuyambira m'chimbudzi mpaka kuseri kwa matumba a makaka.

Ntchito yomanga siteshoni yaing'onoyi inayamba mwangozi pa kaunjika. Pamulu wa zidole zakale, pakati pa ana apulasitiki othothoka tsitsi ndi timagalimoto topanda mawilo, ndinaona mutu wa sitima wakuda wolemera m'dzanja, wolembedwa kunsi kuti Hornby, pamodzi ndi zidutswa zingapo za njanji zomangidwa ndi labala. Wogulitsayo ankauyesa chidole wamba, ndipo kunena zoona nanenso ndinkauyesa choncho. Nditafika nawo kunyumba ndinaona kuti ulibe poika mabatire, ndipo ndinazindikira kuti magetsi amayenda m'njanji zenizenizo, imodzi ikubweretsa ina ikubweza, mawilo achitsulo n'kumawatola kupita nawo ku mota. Chimene sindinadikire kuti ndidziwe n'chakuti mota imeneyi imafuna mavoti osapitirira 12. Ndinatenga chaja ya laputopu ya mavoti 19 n'kulumikiza. Sitimayo inathamanga ngati yagwidwa ndi ziwanda, inazungulira tebulo kangapo, kenaka inaima n'kutulutsa kautsi konunkha pulasitiki, ndipo a Gadi, amene anali pomwepo, anati imeneyo ndiyo sitima yoyamba ya nthunzi kuoneka ku Salima pa zaka zambiri. Mnyamata wowotcherera uja ndiye anaipulumutsa poikamo mota ya m'wailesi yakaseti yakufa, ndipo ndi mmene analowera m'gulu lathu. Masiku ano timayendetsera batire ya njinga yamoto yotchajidwa ndi sola, kotero magetsi akazima ife sitiima. Tikafuna kuti sitima ibwerere m'mbuyo timangosinthanitsa mawaya awiri aja. Mdani wathu wamkulu ndi fumbi la mwezi wa October, limene likagwera panjanji magetsi sadutsa, choncho tisanayambe chilichonse mmodzi amapukuta njanji yonse ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti.

Pamene tinayala njanji koyamba, malume anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Iwe, njanji iyi yatangadza kwambiri. Si yathu." Ndinaganiza kuti ndi maso a ukalamba, koma nditakhala pansi ndi cholembera ndinapeza kuti akunena zoona. Njanji zazing'ono zofala kwambiri padziko lapansi ndi zotalikirana mamilimita 16.5. Pa muyezo wotchedwa HO, umene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87, mamilimita amenewo amaimira 1,435, amene ndi mpata wa njanji za ku Ulaya ndi ku America. A ku Britain, kuphatikizapo Hornby, amagwiritsa ntchito njanji yomweyo koma sitima zawo amazichepetsa ka 76, muyezo umene amautcha OO. Njanji yathu ndi yopapatiza: mpata wake ndi mamilimita 1,067, kapena kuti mafiti atatu ndi theka, mofanana ndi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Munthu amene anathera moyo wake akuyang'ana sitima zathu amadziwa ndi maso okha kuti thupi la bogi limasefukira kunja kwa mawilo mbali zonse ziwiri, ndipo akaona bogi yoima pa njanji yotambalala amamva kuti penapake palakwika ngakhale sangatchule nambala. Njira yothetsera vutoli ndinaipeza pogawa 1,067 ndi 64, zimene zimapereka 16.7, pafupi kwambiri ndi njanji imene tinali nayo kale. Pambuyo pake ndinadzamva kuti okonda sitima zazing'ono a ku New Zealand, kumene njanji ndi yofanana ndi yathu, amachita chimodzimodzi. Choncho tinasunga mawilo ndi mota, tinachotsa thupi la sitima ya ku England lija, ndipo mnyamata uja anapanga lina lokulirapo la injini ya dizilo, motsatira chithunzi chakale cha a Gadi. Pa muyezo umenewu munthu wamkulu amakhala wa mamilimita pafupifupi 27, ndipo kuchokera tsiku limenelo chilichonse choikidwa pa chitseko chija chimayamba chadutsa pa rula yanga.

Njanji zowonjezera tinachita kuitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa mbale wathu woyendetsa thiraki, ndipo zimenezo zokha ndi zimene tinagula ndi ndalama zooneka. Zina zonse n'zotola. Miyala ya m'njanji ndi mchenga wa ku Senga Bay wosefedwa kawiri, koyamba kuchotsa zigoba za nkhono, kachiwiri kuchotsa fumbi, kenaka wothiridwa guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi; sefa yake inali ya ufa ya azakhali, akazi a malume, ndipo mlandu wake sunathe mpaka titagula ina. Malata a denga ndi zitini za zakumwa zodulidwa n'kupsinjidwa pa chipeso ndi msomali wobuntha kuti zichite mizere. Mabelo a thonje ndi thonje lenileni lokulungidwa m'tizidutswa ta chiguduli. Milambe ndiyo inatiphunzitsa phunziro lowawa. Tinapota mawaya a magetsi kupanga thunthu ndi nthambi, tinakuta ndi nyuzipepala yoviikidwa m'phala la ufa wa chinangwa, ndipo itauma inaoneka bwino moti anthu odutsa pamsewu ankaima kuiyang'ana. Patangotha sabata imodzi makoswe ndi mphemvu zinali zitadya milambe itatu mpaka kusiya mawaya okhaokha. Tinayambiranso ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo miyendo ya mipando tinaiika m'zitini za oyilo wakutha poopa chiswe, chimene kuno sichichedwa kununkhiza thabwa.

Pali anthu amene amatiseka, ndipo mnzanga wina wa kusukulu anandifunsa poyera ngati bambo wa ana atatu alibe china chochita koposa kuseweretsa zidole za azungu. Funsolo silinandikhumudwitse, koma mawu akuti "za azungu" ndi amene ndimawakana. N'zoona kuti malonda a sitima zazing'ono anakulira kunja: kampani ya Märklin ya ku Germany ndi yakale kwambiri pa ntchitoyi, Frank Hornby wa ku Liverpool anayamba kugulitsa sitima zake zopukusa mu 1920, ndipo ku Hamburg kuli malo otchedwa Miniatur Wunderland, otsegulidwa mu 2001, kumene njanji zazing'onozo zikaphatikizidwa zimaposa makilomita 15. Koma ndani mwa ife anakula osapanga galimoto ya mawaya, ya chiwongolero chachitali ndi mawilo a zitsekerero za mabotolo, kapena ng'ombe ya dongo, kapena basi ya mapesi? Chimene tawonjezera ife ndi rula ndi kuleza mtima basi. Mnyamata uja atationetsa kanema wa ku Hamburg pa foni yake, a Gadi anayang'ana mpaka kumapeto, anavomereza kuti ndi zokongola, kenaka anafunsa kuti nanga amayi ogulitsa chimanga chootcha ndi usipa ali kuti, poti siteshoni yopanda ogulitsa malonda iwo sanaionepo. Sabata yotsatira tinaumba amayi asanu a dongo, mmodzi ali ndi lichero pamutu.

Chimene ndaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti pokamba nkhani pakamwa munthu akhoza kulumpha pamene waiwala, koma pomanga sangalumphe. Ukhoza kunena kuti "panali thanki ya madzi" nkhani n'kupitirira, koma ukafuna kuimata pa thabwa uyenera kudziwa kuti inali mbali iti ya njanji, inali ndi miyendo ingati, inatalika bwanji poyerekeza ndi denga. Pamenepo ndi pamene zinaululika kuti akuluakulu awiri amene anagwira ntchito pamalo amodzi zaka zambirimbiri anasunga masiteshoni awiri osiyana m'mitu yawo. Mkangano waukulu unali wa zenera la matikiti. Malume analumbira kuti linali kumanja kwa khomo, a Gadi analumbira kuti linali kumanzere, ndipo kwa milungu itatu khoma lakutsogolo linakhala losaboola. Ine ndinali nditazindikira kale kuti malume ankaliona ali mkati pamene a Gadi ankaliona ali panja, koma nditayesa kunena anandiuza onse awiri kuti ndinali ndisanabadwe. Anaweruza mlanduwu ndi azakhali, amene tsiku lina akubweretsa thobwa anaima, anayang'ana, n'kuloza ndi chala osafunsidwa. "Linali apa. Mzere unkakhotera uku chifukwa cha mthunzi, ndipo ine ndinkakhala apa ndi beseni la zitumbuwa. Bambo awa ankangotulukira kudzagula ngakhale atakhuta." Malume anatsokomola, a Gadi anaseka mpaka misozi, ndipo mnyamata uja anatenga lezala n'kuboola pamene chala chinaloza.

Zenera litatha, zinatulukira kuti mnyamata amene analiboolayo anali asanagulepo tikiti ya sitima chibadwire, ndipo malume anati zimenezo n'zochititsa manyazi gulu lonse. Sitima ya anthu imene ilipo masiku ano imayenda kummwera, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi kumalire a Mozambique, ndipo siyenda tsiku lililonse. Tinasonkha ndalama, tinakwera minibasi kutsata msewu wa M5, njanji yathu ikuoneka ndi kubisala kumbali, a Gadi akutchula dzina la siteshoni iliyonse ngati akuitana ana awo. Tsiku la sitima ndinali nditalimva kwa munthu wina pamsika osatsimikiza, moti tinafika ku Balaka tsiku lolakwika, n'kugona ku resitihausi ndi ndalama zimene tinasungira chakudya. Kulakwa kumeneko kunali kwanga ndipo mpaka lero amandikumbutsa. Tsiku lake litakwana tinaima pamzere m'mawa, ndipo malume anamukankhira mnyamata uja kutsogolo kuti atchule yekha kumene akupita. Tikiti imene anamupatsa inali ya pepala, osati ya katoni. Malume anaitenga, anaitembenuza, anaiunika padzuwa, anafufuza nambala, deti ndi mtengo, ndipo atazipeza zonse zitatu anaibweza n'kunena kuti, "Yapepuka, koma ndi tikiti."

Tinangokwera ulendo waufupi wopita ku Liwonde, kudzera pa mphambano ya Nkaya, pamene njanji ya ku Nacala, yotsegulidwa mu 1970, imapatukira kummawa. Pamenepo tinaona sitima ya malasha ochokera ku Moatize, ku Mozambique, ikudutsa, ndipo a Gadi anawerenga mabogi mokweza mpaka kupitirira 100, kenaka anakhala chete, poti m'masiku awo sanaperekezepo chinthu chachitali chotero. Koma chimene chinandisintha maganizo si malashawo. Anali anthu amene tinakwera nawo. Munali amayi a madengu a tomato, anyamata a matumba a chimanga ndi njinga, agogo wina wa nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, ndipo ambiri anali opita kumidzi ya kutsogolo kwa Liwonde kumene msewu wake nthawi ya dzinja ndi wovuta. Kwa iwowo sitima si chinthu chokumbukira pakhonde. Ndi njira yopitira kumsika ndi kuchipatala. Ndinachita manyazi pang'ono kuti ife tinakwera kudzasangalala. Ndinamvetsanso chifukwa chake sitima ya anthu yatsala kumeneko osati kwathu: Salima ali ndi tala wopita ku Lilongwe, ku Nkhotakota ndi ku Balaka, ndipo munthu wofulumira sangadikire sitima ya kamodzikamodzi. Mu 1999 njanji za m'dziko muno zinayamba kuyendetsedwa ndi kampani ya Central East African Railways, ndipo kulikonse padziko ndalama za njanji zimachokera kwambiri ku katundu wolemera woyenda mtunda wautali. Madzi osefukira nawonso achitapo mbali yawo: mu 2003 anakokolola mlatho wa pa Rivirivi pafupi ndi Balaka, ndipo njanji yonse ya kumpoto, kuphatikizapo yathu, inakhala yodulidwa kwa nthawi yaitali. Zonsezi ndimazimvetsa ndi mutu, komabe ndikaona mabasi ndi mathiraki akupanikizana pa mapiri a msewu wa ku Lilongwe, njanji ili phee pambali, mtima wanga suvomereza kuti nkhaniyi inatha. Pamene sitima inkawoloka Shire polowa mu Liwonde, mnyamata uja anatulutsa mutu pawindo n'kumajambula zitsulo za mlathowo, ndipo ndinadziwa kuti chitseko chimodzi sichitikwaniranso.

Loweruka lotsatira tinaika kalaliki wa dongo kuseri kwa zenera ndi mzere wa anthu asanu ndi awiri wokhotera kumthunzi, mayi wa beseni la zitumbuwa ali pamalo pake. Ine ndinkaona kuti ntchito yatha, koma malume anavala magalasi, anawerama, n'kufunsa kuti munthu wakutsogoloyo walandira chiyani. Ndinawafotokozera kuti mamilimita 57 akagawidwa ka 64 sakwana ngakhale milimita imodzi, kuti tikiti yoteroyo ingachepe kuposa njere ya mawere, ndipo palibe amene angaione. Iwo anati kalaliki amene walandira ndalama osapereka tikiti ndi wakuba, ndipo pa siteshoni yawo sipanakhalepo wakuba. A Gadi anapereka nzeru yoti tidule kachidutswa m'mphepete mwa tikiti ya m'kachitini ija kuti ikhale yeniyeni, koma mmene malume anawayang'anira, nkhaniyo inathera pomwepo. Mnyamata uja anatulutsa tikiti yake ya ku Balaka m'chikwama, anadula kakona ndi lezala yatsopano, n'kukachepetsa pa galasi mpaka kutsala kadontho. Koyamba kanauluka ndi mphepo ya kunyanja. Kachiwiri kanamatirira ku chala cha a Gadi ndipo sitinakapezenso. Kachitatu anakanyamula pa nsonga ya singano yonyowetsa ndi guluu, tonse titagwira mpweya, n'kukakhazika pa thabwa la zenera pakati pa dzanja la kalaliki ndi la wogula.

Malume anawerama mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda denga la malata, anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Sindikuiona," anatero.

"Ilipo, malume," ndinayankha. "Ili pafupi ndi chala chake."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anatembenukira kwa mnyamata uja.

"Nanga deti wadinda?"